Dikishonale ya ujeni: kaujeni, chiujeni ndi tiujeni ta m'zipangizo za m'nyumba

Wamipopi:
Akuluakulu, pagulu pano pakufunika dikishonale. Mafunso ambiri amene amafika amayamba chonchi: "Kaujeni ka pa ujeni paja kaujeni, nditani?" Chosangalatsa n'chakuti nthawi zambiri timamvana ndithu. Ndiye tiyeni mawu amenewa tiwapatse matanthauzo. Lamulo ndi limodzi: ukapereka tanthauzo, utchulenso dzina lenileni la chinthucho, ntchito yake, muyeso wake ndi kafedwe kake. Ndiyamba ine.

KAUJENI: kanthu kosaposa chikhadabo cha chala chachikulu, kamene kakangotha nyumba yonse siigona tulo. Mfumu ya tiujeni tonse ndi washala ya mumpopi. Mpopi ukamadontha kukamwa ngakhale mwautseka, vuto ndi kameneka. Tsekani madzi pamene amalowera m'nyumba, tsegulani mpopiwo kuti otsalira atuluke, ndipo tsekani bowo la sinki ndi kansanza kuti sikuluwu isagweremo. Chotsani kachivindikiro ka pamwamba, sikuluwu, kenako chogwirira. Masulani mutu wa mpopi ndi sipanala, dzanja linalo litagwira mpopiwo kuti paipi isapotoke. Washala mudzaipeza kunsi kwa mutuwo. Ya mpopi wa pasinki nthawi zambiri ndi ya hafu inchi, ya mpopi wodzazira bafa ndi ya 3/4. Musanaike yatsopano, pisani chala mkati mumve pamene washala imakhala. Pakakhala pokumbika kapena pokanda, yatsopanoyo sichedwa kung'ambika, ndiye pamafunika kupasalaza kaye.

Mayi Telala:
A Wamipopi, mwayamba bwino koma mwadumpha kholo. Kaujeni ndi mwana, kholo lake ndi ujeni.

UJENI: dzina limene lafika kunsonga ya lilime n'kukana kutsika. Ubwino wake ndi wakuti limavala malaya a saizi iliyonse. Kaujeni n'kakang'ono. Tiujeni n'tating'ono komanso tambiri, ndipo kamodzi mwa ito kasowa kale. Chiujeni n'chachikulu, kapena chaching'ono koma chamupsetsa mtima mwini wake. Ziujeni ndi zimene zili m'bokosi lija palibe amafuna kulitaya. Choncho munthu akati "tiujeni", musamuseke, wakuuzani kale zinthu ziwiri: kukula ndi kuchuluka.

Tiujeni ta m'makina osokera ndi timano tija timatuluka pansi pa phazi la makina n'kumakoka nsalu. M'kabuku ka makina amati feed dogs. Nsalu ikamaima pamodzi singano ikubaya pomwepo, onani zinthu zitatu. Choyamba, kodi timanoti sitinatsitsidwe? Makina ambiri ali ndi kabatani kotsitsira. Chachiwiri, kodi muyeso wa utali wa msoko suli pa 0? Chachitatu, masulani kachitsulo kosalala kamene singano imadutsapo, mudzapeza thonje la nsalu litapanikizana pakati pa timanoto mpaka kulimba. Lichotseni ndi kaburashi, osati kuuzira ndi pakamwa, chifukwa mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi ndipo umakankhira zinyalalazo mkati.

Wamagetsi:
Zikomo mayi. Ine ndibweretsa dzina limene likuyenera ulemu.

KAFERANZAKE: kanthu kamene ntchito yake yonse ndi kufa kuti ena akhale moyo. Ndi fyuzi. M'pulagi ya mano atatu amakonamakona muli fyuzi yotalika pafupifupi 25 mm, kunenepa kwake 6 mm. Ya 3A imalembedwa mofiira, ya 13A mwabulawuni, ya 5A mwakuda. Kuti mudziwe yoyenera, tengani mawati olembedwa pachipangizo mugawe ndi mavoti. Ketulo ya 2000W pa magetsi a 230V imakoka pafupifupi 8.7A, ndiye imafuna ya 13A. Nyale ya patebulo siifika ngakhale 1A, ndiye ya 3A ikukwana.

Anthu ambiri amaganiza kuti fyuzi imateteza chipangizo. Kwenikweni imateteza chingwe kuti chisatenthe mpaka kuyaka. N'chifukwa chake kukulunga fyuzi yakufa ndi pepala lonyezimira lija kapena kulowetsapo kawaya n'koopsa kwambiri: mwachotsa kaferanzake, ndiye chimene chife m'malo mwake ndi chingwe, ndipo chingwe chimafa ndi moto. Fyuzi yatsopano ikafanso nthawi yomweyo, musaike yachitatu. Vuto lili m'chingwe kapena m'chipangizo.

Gogo Sipanala:
Muli pompo pa pulagi, musaiwale KAGWIRAMCHIRA: kapulasitiki ka sikuluwu ziwiri kumunsi kwa pulagi. Kamayenera kuluma chikopa chakunja cha chingwe, osati timawaya tamkati. Ndipo podula timawayato, wa grini ndi chikasu uja musiyeni wautali pang'ono kuposa wabulawuni, kuti chingwe chikakokeka iye adzakhale womaliza kuzuka.

Nasibeko:
Agogo mwanena zoona. Koma ine ndili ndi dandaulo pa dikishonaleyi. Mukusakaniza ujeni ndi chakuti, pamene ndi anthu awiri osiyana.

CHAKUTI: chinthu chimene wolankhula akuchidziwa dzina koma waona kuti kutchula n'kutaya nthawi. Ujeni ndi woiwalika, chakuti ndi wosungidwa dala.

KAJAKA: kanthu kamene nonse awiri munakaonapo tsiku lina, ndipo wolankhulayo akukhulupirira kuti inunso mukukakumbukira.

KENAKAKE: kanthu kamene palibe anakaonapo koma aliyense akukaimba mlandu. "Mwapsa kenakake."

Wamagetsi:
Achemwali, kenakake ameneyo ine ndikumudziwa nkhope. M'zipangizo zotenthetsa, monga simbi, chophikira mpunga ndi choumitsira tsitsi, kenakake kaja kawirikawiri ndi thermal fuse. Kamaoneka ngati kachipolopolo kasiliva ka miyendo iwiri, kobisidwa m'kapaipi ka nsalu yosapsa. Kameneka sikafa ndi kuchuluka kwa magetsi kokha ayi, kamafa ndi kutentha, ndipo kakafa sikadzukanso. Pathupi pake pamalembedwa madigiri ndi maampu. Kogula katsopano kakhale ka manambala omwewo. Musakalumikize ndi chowotcherera mtovu, chifukwa kutentha kwa chowotchereracho kukapha musanakagwiritse n'komwe. Kamalumikizidwa pofinya ndi tizitsulo topanira.

Chofunika kwambiri: kameneka kamafa chifukwa china chalephera. Mu simbi, wolephera amakhala thermostat, imene imayenera kudula magetsi ikafika pa kutentha kumene mwasankha. Kadontho kamodzi pagudumu paja ndi pafupifupi madigiri 110, tiwiri 150, titatu 200. Timano ta thermostat tikapserera n'kumamatirana, simbi imangotentha osaleka mpaka kenakake kadzipereka. Mukasintha fyuzi yokhayo, yatsopano ifanso.

Wamafiriji:
Nanenso ndiponyepo.

KAGOBEDE: kanthu kamene kali moyo kamakhala chete, kakafa kamalira gobedegobede mukakagwedeza pafupi ndi khutu. Ndi PTC relay ya firiji, kabokosi kakuda kolumikizidwa pambali pa kompuresa, chimphika chakuda chija cha kumbuyo kumunsi. Mkati mwake muli kambale kakang'ono ngati ndalama yachitsulo. Firiji ikamayamba, kambaleka kamalola magetsi kupita ku waya woyambitsira mota, kenako kamatentha n'kutseka njirayo pasanathe masekondi awiri. Kakasweka, zizindikiro zake ndi izi: getsi la mkati likuyaka, firiji siikuzizira, kumbuyo mukumva kung'ung'udza kwa masekondi ochepa, kenako "tha!", chete, pakapita mphindi zingapo n'kuyambiranso. "Tha" ameneyo si kagobede, ndi mnzake overload amene akudula magetsi kuti mota isapse.

Zulani pulagi kukhoma, chotsani chivindikiro cha pambali pa kompuresa, jambulani mawaya ndi foni musanazule chilichonse, kenako kokani kagobede molunjika. Pathupi pake pali nambala ya maomu, gulani kofanana nako. Mukaika katsopano koma nyimbo n'kukhala yomweyo, ndiye kuti kompuresayo yagwira, ndipo imeneyo si ntchito ya sikuludiraiva.

Nasibeko:
Achimwene, fotokozaninso chifukwa chimene firiji siyenera kuyatsidwa pompopompo magetsi akangophethira. Ambiri amaona ngati ndi mwambo chabe.

Wamafiriji:
Zifukwa ndi ziwiri, achemwali. Kambale kaja kamakhala kakadali kotentha, ndiye sikalola magetsi kupita koyambitsira. Komanso gasi m'mapaipi amakhala akadali wopanikizika mbali imodzi, mota siingathe kukankha. Dikirani mphindi 5, kambale kazizire, gasi afanane mbali zonse.

Ndiwonjezere CHIBOWO CHAUJENI, chimene ndi kabowo ka pakhoma lakumbuyo mkati mwa firiji, kumunsi, pamwamba pa madilowa. Madzi osungunuka amatsikira mmenemo kupita m'kabeseni ka pamwamba pa kompuresa, kumene amauma ndi kutentha. Mukapeza madzi pansi pa madilowa, firiji siinaboke ayi, kabowoko katsekeka. Pisanimo kachingwe kapulasitiki kofewa, thiranimo madzi ofunda pang'ono. Waya wachitsulo ayi.

Gogo Sipanala:
Ana inu mukutchula tinthu timene timakhala pamalo pake. Nanga tothawa?

KANALIPOMPANO: kanthu kamene kamadumpha mukangokamasula, n'kukatera kumene tsache silifika. Mtundu wake ulipo uwiri. Woyamba ndi tisipuling'i. Wachiwiri ndi circlip, kamphete kachitsulo kosakumana kumapeto, kamene kamakhala m'kangalande pa shafiti kuti gudumu kapena giya isavuke. Kamachotsedwa ndi pulaya yake ya milomo yosongoka yolowa m'timabowo tiwiri ta kumapeto. Ilipo yotambasulira ya timphete takunja kwa shafiti, ilipo yofinyira ya timphete ta m'kati mwa bowo. Njira yoti kasathawe ndi yosavuta: lowetsani manja ndi chipangizocho m'jumbo yoonekera mkati, mumasulire mmenemo. Ndipo musakatambasule kupyola pofunika, chifukwa kakatambasuka sikabwereranso, kamangokhala gwedegwede m'ngalande mwake.

KATSALIRA: sikuluwu imodzi imene imapezeka patebulo mutatseka kale zonse. Tanthauzo lake lenileni ndi lakuti simunathe ntchito. Pomasula, jambulani chithunzi cha chipangizocho pakatoni, sikuluwu iliyonse muibaye pamalo pake pachithunzipo. Izi zimathandizanso pa vuto lina lalikulu kuposa katsalira: sikuluwu yaitali kulowa m'bowo la yaifupi. Imapitirira n'kukabowola pulasitiki, kapena kukakhudza waya.

Polowetsa sikuluwu m'pulasitiki, yambani mwaipotozera kumanzere pang'onopang'ono mpaka mumve yagwera m'mazinga ake akale, kenako mumange. Mukangoyamba n'kumanga, imadula mazinga atsopano, ndipo mukatero kawiri katatu bowolo latha.

Wamipopi:
Agogo, katsalira wa kumipopi ndi kamphira kakuda kozungulira kamene kamapezeka pansi mutalumikiza kale paipi ya shawa. Mudzakadziwa mukatsegula madzi.

Ndionjezepo KABISALA: kasikuluwu kopanda mutu, kobisala pansi pa kadontho kofiira ndi buluu ka pachogwirira cha mpopi wosakaniza madzi otentha ndi ozizira. Anthu amakoka chogwiriracho ndi mphamvu mpaka kuthyola, pamene chagwiridwa ndi kameneka. Tukulani kadonthoko ndi nsonga ya mpeni, walitsani tochi, lowetsani Allen key, kachitsulo kopindika ka makona 6, kawirikawiri ya 2.5 mm, tembenuzani kamodzi kapena kawiri. Musakatulutse konse, kamasanduka kanalipompano. Mipopi yotereyi ilibe washala. Muli katiriji ya timbale tiwiri tadothi lolimba, ndipo ikayamba kudontha mumasintha yonse. Zofala ndi za 35 mm ndi 40 mm m'mimba mwake, ndiye yezani, komanso yang'anani kunsi kwake, chifukwa zina n'zosalala zina zili ndi miyendo.

Mayi Telala:
Pepani ndibwerere kwa a Nasibeko. Pali mawu ena mwawasiya, amene ndi mneni: KUUJENI. Tanthauzo lake ndi kumanga, kumasula, kukankha, kukoka, kupotoza, kapena kumenya pang'ono ndi chikhatho. Ameneyu ndiye woopsa m'banja lonseli, chifukwa kaujeni sikawononga kanthu koma "taujenini pamenepo" wathyola zambiri. Munthu akalemba kuti "ndaujeni koma sizikutheka", funso loyamba likhale lakuti: mwapotozera mbali iti?

Gogo Sipanala:
Mayi mwandikumbutsa KAMAKANI: nati imene mukamaimasula imalimba, mukamaimanga imamasuka. Ndi ya mazinga akumanzere. Pa mafani ambiri oimika, kachipewa kogwira mapeni a fani kamamasuka mukapotozera kumanja, mmene umayendera muvi wa wotchi. Anakapanga dala chomwecho kuti kuzungulira kwa mota kuzikamanga m'malo mokamasula. Yang'anani bwino, pamakhala muvi wolembedwa. Koma chinati chachikulu cha kumbuyo kwake, chogwira chitetezo chawaya, ndi cha mazinga wamba. Pamenepa ndi pamene anthu amasokonezeka, nati ziwiri pamalo amodzi, iliyonse njira yake. Kamphira ka mano ka pa blender, kolumikiza mota ndi jagi, nakonso pa mitundu yambiri n'kamakani.

Wamagetsi:
Tili pa fani pomwepa.

KADZUTSAMOTA: kabokosi kakuda ka mawaya awiri kamene ntchito yake ndi kuuza mota mbali yoyambira. Ndi kapasita. Fani ikamang'ung'udza osazungulira, koma mukaikankha ndi kamtengo n'kuyamba, kapena ikamayenda mwaulesi pa nambala 3 ngati ili pa 1, kameneka kafooka. Pa mafani a m'nyumba kamakhala kapakati pa 1 ndi 2.5 µF (muyeso wa kapasita), ka 400V kapena 450V. Nambala ya µF ikhale yomweyo. Mukaika yaikulu, fani ithamanga koma mota izitentha mpaka thermal fuse ya m'mawaya ake ife. Nambala ya mavoti ikhoza kukwera, siingatsike.

Koma musathamangire kugula. Zulani pulagi, zungulitsani mapeni ndi chala. Akazungulira momasuka kangapo, ndi kapasita. Akaima msanga kapena akulimba, vuto ndi mabushi amene auma, timphete timene shafiti imazungulira mkati mwake. Pukutani shafiti, donthezani madontho awiri kapena atatu a mafuta a makina osokera kutsogolo ndi kumbuyo. Mafuta ophikira ayi, amauma n'kusanduka ulimbo.

Nasibeko:
KANUNKHANTHUNZI: kanthu ka m'ketulo kamene kamadziwa kuti madzi awira ngakhale sikakhudza madziwo. Ndi kambale kopyapyala ka zitsulo ziwiri zomatidwa pamodzi, zimene zimafutukuka mosiyana zikatentha. Nthunzi imadutsa m'kanjira kochokera pamwamba pa ketulo, nthawi zambiri m'kati mwa chogwirira, n'kukafika pa kambaleka. Kakatentha kamapindika mwadzidzidzi n'kukankha swichi. Ketulo yodzizimitsa yokha yotereyi anaitulutsa a Russell Hobbs mu 1955, ndipo John Taylor wa kampani ya Strix ndi amene amadziwika kwambiri pa timaswichi timeneti.

Mukadziwa zimenezi, zovuta zake zimadzifotokoza zokha. Ketulo yosatseka bwino chivindikiro siizima, chifukwa nthunzi ikuthawira pamwamba osalowa m'kanjira. Yodzaza kupyola mzere imalavulira madzi m'kanjiramo n'kunyowetsa swichi. Yozima madzi asanawire nthawi zambiri ili ndi chikhungwa choyera pansi, chimene chimatsekereza kutentha mpaka chitetezo china cha kunsi chidule magetsi. Thiranimo viniga theka madzi theka, wiritsani, siyani kwa ola, tsukani kawiri. Ndipo ikangozima siilola kuyatsidwanso pompo, pamafunika kambale kaja kazizire kabwerere. Si kuwonongeka kumeneko.

Wamafiriji:
Dzina limeneli lapambana onse, achemwali. Ndiyese langa lina.

KAMUSANDITAYE: kanthu kooneka ngati chinyalala cha m'katoni pamene ndi chiwalo. Mu microwave, pakhoma la mkati, nthawi zambiri kumanja, pali kachikatoni kotuwa konyezimira pang'ono. Si katoni, ndi mica, mwala wopyapyala wosapsa ndi moto. Kamatseka njira imene mafunde amatulukira, kuti nthunzi ndi mafuta zisalowemo. Mafuta akaunjikana pamenepo amapsa n'kusanduka makala, ndipo makalawo ndi amene amathetheka. Mukaona moto ukuthwanima pakhomapo, zimitsani, zulani pulagi, chotsani kameneka. Mica amagulitsa yaikulu, mumaika kakale pamwamba, kulemba ndi pensulo, kudula ndi mpeni wakuthwa. Pukutani bwino khoma la kuseri kwake musanaike.

Pamenepo ndi polekezera. Chikuto chakunja cha microwave musatsegule. Muli kapasita wosunga mavoti oposa 2000, ndipo akhoza kupha munthu ngakhale pulagi ili pansi.

Wamagetsi:
Mawu amenewo ndikuwatsimikiza, palibe choonjezera.

Wachibale wa kamusanditaye ndi CHULE WA M'CHINGWE: chotupa chija cha pafupi ndi kumapeto kwa chingwe cha laputopu kapena cha pulinta, chooneka ngati njoka yameza chule. Muli kamphete ka ferrite kamene kamachepetsa phokoso la magetsi kuti lisasokoneze wailesi ndi zipangizo zina. Si fyuzi, si batire, ndipo sichifuna kukonzedwa. Chingwe chikaduka mkati, kawirikawiri chimadukira pamene chikutulukira m'chotupacho kapena m'khosi mwa pulagi, chifukwa ndi pamene chimapindikira tsiku ndi tsiku.

KAPHETHIPHETHI: kachitini koyera kolowa pambali pa nyale ya chubu yaitali, dzina lake sitata. Nyale ikamaphethira osagwira, kapena kumangofiira kumapeto kokha, yambani mwasintha kameneka, kamatuluka mukakapotozera kumanzere pang'ono. Koma ngati kumapeto kwa chubu kwada bii, chubuyo ndiye yatha, ndipo idzapha sitata aliyense amene mungaikepo.

Mayi Telala:
Bambo Wamagetsi, ndikutsutsani pang'ono pa mafuta a makina osokera. Pa mabushi a fani inde, koma wina asamve kuti alowa paliponse. Kabokosi ka kumbuyo kwa fani, kamene kamaitembenuza mutu uku ndi uku, muli magiya apulasitiki ofuna girisi, osati mafuta amadzimadzi. Ngakhale m'makina osokera momwemo, dontho limodzi pamalo pake ndi lokwanira, kenako musoke kansanza kaye.

Ndipereke KOIMBIDWA MLANDU: kasikuluwu kakang'ono ka pachikuto cha bobini. Ulusi ukapiringizana kunsi kwa nsalu, aliyense amathamangira kukapotoza, poti vuto likuonekera pansi. Chonsecho kupiringizana kwa pansi kumachokera ku ulusi wapamwamba. Mwina sunalowe pakati pa timbale topanira, mwina wavuka pa kadzanja kokwera ndi kutsika kaja. Tukulani phazi la makina, chifukwa ndi pamene timbale timatseguka, solorani ulusi wonse, muulowetsenso kuyambira pachiyambi. Onaninso singano: 70 ya nsalu zopyapyala, 90 ya zapakati, 100 ya jinzi. Kasikuluwu kaja mukakhudze pomalizira penipeni, ndipo osapitirira kota ya mzungulo.

Wamagetsi:
Ndavomera mayi, girisi m'magiya.

Wamipopi:
Tsopano CHIUJENI, poti tachedwa pa tating'ono. Tanthauzo: chinthu chimene mukachiona mumachidziwa, koma simunaganizepo kuti chili ndi dzina. Chitsanzo ndi chimpira choyandama cha m'thanki ya chimbudzi chamadzi. Madzi akamakwera chimakwera nawo, mkono wake n'kukankha kamphira kotseka polowera madzi. Thanki ikamangolira osaleka, vundukulani muone. Madzi akakhala akusefukira m'kapaipi kotayira, vuto ndi lolowera: tukulani mkonowo ndi dzanja, akasiya ndiye kuti chimpira chingofunika kutsitsidwa, madzi aziima pafupifupi 25 mm pansi pa kamwa la kapaipiko. Mkono wapulasitiki uli ndi sikuluwu yosinthira, wachitsulo mumaupinda pang'ono. Akapanda kusiya, kamphira ka m'valavu katha, kapena mwalowa kamchenga. Gwedezaninso chimpiracho, mukamva madzi mkati ndiye chaboka.

Madzi akakhala kuti sakufika pa kapaipiko koma thanki ikudzazabe pakapita nthawi, vuto ndi lotulukira. Donthezani utoto pang'ono m'thanki, dikirani mphindi 20 osagujumula. Utoto ukaonekera m'mtondo, mphira ya pansi pa thanki siikutseka.

Gogo Sipanala:
KAMBONI WA MOTO: kachitsulo kosongoka koima pafupi ndi moto pa sitovu ya gasi, dzina lake thermocouple. Kakatentha kamatulutsa timagetsi tochepa kwambiri, tokwanira kugwira kamaginito kotsegula gasi. Moto ukazima, kamazizira, gasi n'kutsekeka. N'chifukwa chake mumakanikiza batani kwa masekondi angapo mutayatsa. Moto ukamazima mukangochotsa dzanja, pukutani nsonga yake ndi kasiponji kokhakhala, muone ngati lawi likukakhudza. Musakasokoneze ndi mnzake wovala zoyera, amene ndi wothetheka poyatsa. Kulumpha kamboni ameneyu kuti gasi azingotuluka n'chimodzimodzi kukulunga fyuzi. Ndipo mukagwira polumikizira gasi paliponse, yesani ndi thovu la sopo, osati machesi.

Nasibeko:
Tisanachoke, tiujeni ta m'rimoti. Kasipuling'i kamakhala ku mbali yosalala ya batire. Chikhungwa choyera chimene chimamera pamenepo chimachokera ku batire ya alkaline yotayikira, ndipo chimachoka ndi kathonje konyowetsa ndi viniga, kenako muumitse bwino. Musachigwire ndi manja n'kukhudza m'maso. Kuti mudziwe ngati rimoti ikutumiza, lozetsani kagalasi kake ku kamera ya foni n'kukanikiza batani, mudzaona kakuthwanima. Mafoni ena kamera yakumbuyo siionetsa, yesani yakutsogolo. Batani limodzi lokha likakhala lakufa, tsegulani, pukutani kadontho kakuda ka kunsi kwa batanilo ndi pabolodi pake ndi spirit.

A Wamipopi, funso kwa inu. Munthu wanyamula kaujeni kamphira kozungulira kupita nako kogula, koma kaphwatalala ndi ukalamba. Ayeze chiyani?

Wamipopi:
Kameneko ndi O-ring, achemwali, ndipo ndi kamene kamachititsa mpopi kutulutsa madzi m'khosi kapena pa chogwirira m'malo mwa kukamwa. Kali ndi miyeso iwiri: m'mimba mwa bowo lake, ndi kunenepa kwa mphirayo. Kakale kamanama pa miyeso yonse iwiri, chifukwa katambasuka komanso kaphwatalala. Ndiye yezani chitsulo, osati mphira. M'mimba mwa chitsulo pansi pa kangalande ndiye muyeso wa bowo. Kunenepa kwake kukhale kwakuti kakalowa m'ngalande katulukire kunja pang'ono, koma kasadzaze ngalandeyo m'lifupi, chifukwa kakafinyika kamafuna kothawira. Njira yabwino koposa ndi kunyamula chitsulo chonsecho.

Povala, kulungani mazinga ndi tepi kuti asakacheke, kagubuduzeni ndi zala osakapota, ndipo pakani girisi ya silicone. Mafuta odzola a petroleum jelly amatupitsa mitundu ina ya mphira, makamaka EPDM imene imapezeka kwambiri m'zamadzi. Tepi yoyera ya PTFE siilowa pamenepa. Iyo ndi ya pa mazinga a paipi pokha, yokulungidwa kumanja mutayang'anizana ndi kamwa la paipi kuti isavuke pomanga. Polumikizira pamene pali kale O-ring kapena washala, tepi imangolepheretsa nati kufika pofinya mphira, ndiye mpamene pamayamba kudontha.

Gogo Sipanala:
Povula kakaleko musagwiritse nsonga ya sikuludiraiva. Mukakanda ngalande, katsopano kadontha pomwe mwakandapo. Kafinyeni ndi zala ziwiri mbali zonse kuti katukuke pakati, mupisepo chotokosera m'mano.